Mphiri Imene Ndinaiyesa Yakufa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Nyumba za kumeneko zinali zogundizana, mabanja awiri denga limodzi, pakati pali khoma la njerwa losafika n'kudenga komwe. Munthu akatsokomola mbali inayo, ife tinkamva. Akakazinga usipa, fungo linkatipeza tili pamphasa. Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala banja la Edina, mtsikana wa msinkhu wanga, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi mabanja athu anali atatha miyezi isanu osapatsana moni.

Chidanicho chinayambira kumunda. Bambo anga anakhala kapitawo wa gulu la otchola tiyi kwa zaka zambiri. Tsiku lina anawatsitsa, ati chifukwa masamba a gulu lawo ankapezeka ndi timitengo tokhwima, ndipo amene analowa m'malo mwawo anali bambo ake a Edina. Kwathu kunalibe wokayika kuti iwowo ndi amene anakaneneza ku ofesi. Kwawonso ankati bambo anga ankagona pamthunzi nthawi ya ntchito. Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona. Chimene ndinkachiona ndi maso anga n'chakuti mayi, amenenso anali otchola, anayamba kupatsidwa mizere ya kumtsetse, kumene munthu amatchola mwendo wina uli m'mwamba dengu likumukokera chagada, ndipo madzulo ankafika atagwira m'chiuno.

Ine ndi Edina tinali kalasi imodzi. Kale tinkagawana chinangwa chootcha popita kusukulu, koma akuluakulu atadana anatiletsa kuyendera limodzi. Tinamvera, ndipo posakhalitsa tinayamba kudana zenizeni, osadziwa n'komwe chimene tinalakwirana. Msewu unali umodzi womwewo, iye mbali iyi, ine mbali iyo.

Chimene chinandipsetsa mtima chinachitikira pampopi. Ndowa yanga inali itatsala pang'ono kudzadza pamene amake Edina anafika. Anali mayi wamtali, wa mawu omveka mpaka kufakitale. Anaikankha ndowayo ndi phazi, madzi onse n'kutayikira m'matope, n'kuikapo yawo. Nditanena kuti ndinayamba ndine, anandigwira khutu n'kulipotokola mpaka ndinagwada.

"Mwana wa alesi iwe, mwano ngati mako," anatero.

Amayi amene anali pamzere anaseka. Edina anali pomwepo ndi chigubu chake, ndipo nayenso anaseka. Khutu linapola tsiku lomwelo, koma kuseka kwakeko kunandikhala pamtima. Nditakafotokoza kunyumba, mayi anangoti ndizisiye, Mulungu amaona. Bambo anapitiriza kunola mpeni wawo wodulira tiyi.

Sabata yotsatira kunabwera chiperoni. Amene anakulira ku Thyolo amachidziwa. Nkhungu imatsika n'kuphimba minda yonse, kamvula kosaoneka kamangowaza usana wonse, ndipo kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Chinakhala masiku atatu dzuwa osaoneka. Nkhuni zathu zinatha, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi, lomwe linali Lachitatu, mayi anandituma kuti ndikatole tinkhuni m'mphepete mwa nkhalango ndisanapite kusukulu. Nkhalangoyo inali kumunsi kwa minda, m'mbali mwa kamtsinje, ndipo kutolamo nkhuni kunali koletsedwa. Mlonda wake anali a Mulepa, bambo wouma thupi, wosaseka, amene ana tonse tinkamuopa chifukwa akakugwira ankakukwapula kaye, mafunso pambuyo. Mayi anati ndi kuzizira kumeneko a Mulepa sangadzuke msanga. Ndinatenga thumba la feteleza lakale n'kutsetsereka.

Pamalire a tiyi ndi nkhalango panali mwala waukulu wafulati. Ndinatsala pang'ono kupondapo pamene ndinaona kuti masamba ouma amene anali pamwambapo anali ndi mutu. Inali mphiri. Inali yaifupi koma yonenepa ngati mkono wa bambo, khungu lake la mawanga ofiirira ndi akuda, mutu waphwatalala. Ndinalumphira kumbuyo. Ndinaima poteropo kudikira kuti ifufume kapena ithawe. Sinachite chilichonse. Ndinaponya chibuma, chinasweka pafupi ndi mimba yake, koma ayi ndithu. Ndinatola mwala wokwana m'dzanja n'kuigenda, ndipo unaimenya pamutu penipeni. Mchira unagwedezeka pang'onopang'ono, ngati chala cha munthu wogona, kenaka zii.

Ndinali nditamva kwa anyamata kuti mchira wa njoka umagwedezekabe ngakhale itafa. Ndiye ndinatsimikiza kuti yafa, mwina ndi kuzizira, mwina ndi mwala wanga. Mantha atachoka, m'mutu mwanga munabwera nkhope ya amake Edina.

Ndinathyola nsungwi youma, n'kuikankhira njokayo m'thumba. Inagubudukiramo ngati chinangwa. Thumbalo ndinalikoleka kunsonga ya nsungwi, n'kukwera mtunda. Inali yolemera kuposa momwe ndinkaganizira. Ku malaini kunalibe munthu, akuluakulu onse anali atapita kukadulira ndi kupalira, ndipo nkhungu inandibisa. Pakhonde la kwa Edina panali mulu wa nkhuni. Ndinaikhutula njokayo m'mbali mwa muluwo n'kuiphimba ndi nkhuni ziwiri. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti amake Edina akamadzatenga nkhuni adzaione, adzakuwe, adzathawe chitenje chikugwa, anthu adzawaseke monga anandisekera ine. Thumba ndi nsungwi ndinaziponya m'maudzu kuseri kwa kamunda kathu ka mpiru, n'kuthamangira kusukulu mtima uli mbee.

Cha m'ma teni koloko kumwamba kunang'ambika. Dzuwa linatuluka lamphamvu, nthaka n'kuyamba kufuka nthunzi. Aphunzitsi anatilola kutuluka kuti tikaothere, ndipo tinandandalikana kukhoma, misana ili kudzuwa. Ndikukumbukira momwe zala zanga zinamasukira, ndi momwe ndinkamwetulira ndekha ndikaganiza za madzulo. Sizinandifikire m'maganizo kuti dzuwa lomwelo linali likuwombanso pakhonde lija.

Titaweruka, Edina anatsogola mofulumira chifukwa ankayenera kukasonkha moto amake asanafike. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma m'mawa uja sindinaziganizire. Ndinali ndisanafike pampopi pamene ndinamva kukuwa. Sikunali kukuwa kumene ndinkafuna. Kunali kwa mwana, kopyola m'makutu, kosalekeza.

Nditafika ndinapeza Edina akugubuduka pabwalo atagwira dzanja lamanja. Agogo ena amene sankapita kuntchito ankamumanga mkono ndi kansalu. Pakhonde panali njoka ija, koma sinalinso monga inalili pamene ndinkainyamula. Inali itafufuma, khosi litapindika, ikupuma mwaphokoso ngati tayala la njinga likuphwa. Mnyamata wina ataiyandikira ndi ndodo, inagwetsa mutu mofulumira kwambiri moti maso anga sanaone, ndinangomva ndodo ikulira. Anthu anathamanga kuchokera kumunda. Edina anamukweza pa thirakitala yonyamula masamba kupita naye kukiliniki, dzanja litatupa kale mpaka m'chigongono, ndipo kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu. A Mulepa ndiwo anaipha njokayo. Anaitema kamodzi ndi chikwanje kumbuyo kwa mutu, anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anainyamula n'kumapita.

Dzuwa lisanalowe, malaini onse anali atagwirizana kuti njokayo inachita kutumidwa. Ankati mphiri siilowa pakhonde pa munthu popanda chifukwa. Ankati pa nyumba zonsezo, inasankhiranji ya kapitawo watsopano? Mayi wina anakumbukira kuti anamva mayi anga akunena kuti Mulungu amaona, ndipo mawu amenewo anasanduka temberero. Tsiku lotsatira mayi anabwerako kumpopi ndi ndowa yopanda madzi, chifukwa amayi anzawo anaimirira mozungulira mpopiwo osawapatsa mpata. Ana ankagenda mbali yathu ya denga masana dzuwa likuswa mtengo. Kumunda, amene ankagwira ntchito pafupi ndi mayi anasamukira mizere ina. Amake Edina atabwera kudzatenga zovala zoti apite nazo kuchipatala, anaima pakati pa bwalo, n'kuloza chitseko chathu.

"Tuluka mfiti iwe! Ngati mwana wanga afe, nawenso ulowa m'manda omwewo!"

Mayi anakhala pansi m'nyumba, atandikumbatira. Ndinkanjenjemera, ndipo iwo ankaganiza kuti ndikuopa miyala. Ankandisisita kumutu n'kumandiuza kuti ndisaope, ife tilibe mlandu. Dzanja lawolo linkandiotcha. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndikaona nkhope ya bambo, mawu ankabwerera.

Loweruka masana oyang'anira malaini anaitanitsa anthu kushedi kumene ankayezera masamba. Anawakhazika mayi pansi pakati, bambo ataima kumbuyo kwawo, ine ndili m'mbali. Anthu analankhula mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali ndi kake: wina anaona mayi akuyankhula okha kumunda, wina analota, wina nkhuku yake inafa mosadziwika bwino. Ambiri ankafuna kuti tichoke pa esitetipo tsiku lomwelo. Bambo ake a Edina ananena kuti madokotala akuti mwana apulumuka, koma zala zina zayamba kuda.

Nkhani ili mkati anafika a Mulepa, atanyamula thabwa limene anakhomerapo chikopa cha njoka ija, mutu uli pomwepo. M'dzanja linalo anali ndi nsungwi ndi thumba la feteleza. Zinali zanga zija. Sanapemphe mwayi wolankhula. Anaponya zinthuzo pansi n'kuwayang'ana anthuwo monga ankatiyang'anira ife akatigwira ndi nkhuni.

"Mwakalambira m'tiyi muno nonsenu, koma njoka simuidziwa," anatero. "Mumangodziwa kukuwa."

Anafotokoza mosanyengerera, akusakaniza Chichewa ndi Chilomwe. Anati munthu, galu ndi nkhuku ali ndi moto wawo m'thupi, umene amausonkhezera ndi chakudya, n'chifukwa chake ngakhale kuzizire bwanji amadzuka n'kuyenda. Njoka ilibe moto umenewo. Imabwereka kwa dzuwa ndi kwa mwala umene dzuwa lawomba. Pakapita masiku atatu a chiperoni, thupi lake limazizira ngati dothi la kudambo, ndipo ngakhale kuwoloka kanjira kumaikanika. Imangodzikoka mpaka pamwala n'kudikira. Anati ataitumbula anapeza m'mimba mulibe kanthu, chifukwa nyengo yozizira mphiri siisaka. Itati imeze khoswe thupi lili lozizira choncho, khosweyo angaolere m'mimba n'kuipha, ndiye imatha kukhala miyezi osadya. Tsono njoka yosafuna chakudya, yosatha kuyenda, ingakwere bwanji mtunda wonse uja kuchokera kunkhalango, kudutsa minda iwiri yonyowa, kuti idzagone pa simenti yozizira?

Bambo wina anayankha kuti n'chifukwa chake akunena kuti ndi yotumidwa, pakuti njoka ya kwa asing'anga siimva kuzizira. Anthu anavomereza. A Mulepa anatukula thabwa lija n'kuloza pamutu pa njokayo.

"Nanga njoka ya ufiti imayenda ndi bala la mwala? Chikwanje changa chinatema apa. Ili pamwambali ndinalipeza litauma kale magazi."

Anati Lachinayi m'mawa anapita pamwala umene mphiriyo inkakonda kuothera, poti ankaidziwa, inali yakale pamenepo. Anapeza chibuma chosweka, mwala wogendera, ndi pamene chinthu chinakokedwa. Anatsatira mpaka ku malaini, ndipo nsungwi ndi thumba anazipeza m'maudzu kuseri kwa kamunda ka mpiru.

"Njoka iyi sinatumidwe," anatero. "Inanyamulidwa ndi manja a munthu amene ankaganiza kuti yafa."

Kwa kanthawi kochepa ndinaganiza kuti mayi apulumuka. Koma aliyense ankadziwa mwini wake wa kamunda ka mpiru kaja, ndipo maso onse anachoka pa mayi n'kupita pa bambo. Wina anati thumbalo analionapo pakhomo pathu. Wina anakumbukira kuti Lachitatu bambo anafika mochedwa kuntchito. Zinali zoona, anachedwa chifukwa chifuwa chinawavuta. Bambo ake a Edina analumpha n'kuwagwira malaya pakhosi, mabatani n'kuthothoka. Anthu anayamba kunena za apolisi. Oyang'anira malaini anati ngati zili choncho, nkhaniyi yasanduka yofuna kupha munthu, ndipo ntchito yathera pomwepo. Bambo sanadziteteze. Anangoti sakudziwapo kanthu, mawu awo ali otsika, ndipo palibe anawamva.

Ndinakweza maso n'kupeza a Mulepa akundiyang'ana. Pamwala paja panali matope, ndipo munthu wotha kuwerenga pamene njoka yadutsa sakanalephera kuona kukula kwa mapazi amene anaponda pamenepo. Anangondiyang'ana, osaphethira, mpaka ndinaimirira.

"Ndine," ndinatero. Phokoso linali lalikulu moti ndinachita kubwereza. "Asiyeni bambo. Ndinainyamula ndine. Ndimaganiza kuti yafa."

Ndinafotokoza zonse, za pampopi, za mwala, za nkhuni ziwiri zija, ndikulira mamina ali chuchuchu. Ndisanamalize, amake Edina anandilumphira. Mayi anadzuka pamene anakhala n'kuima pakati pathu, ndipo makofi onse amene anali anga anagwera iwo, kumaso ndi kumsana, osabweza ngakhale limodzi. Anthu atawaleretsa, mayi anandigwira padzanja n'kunditulutsa. Njira yonse sanandiyang'ane.

Bambo anandikwapula ndi kanthambi ka bulugamu mpaka kanatha, n'kuthyola kena. Sindinathawe. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali cha mayi, amene anatha masiku anayi akundipatsa chakudya osandilankhula. Ndipo kuulula kwanga sikunathetse chidani. Anthu anangosintha nyimbo. Ankati mwana wa zaka zimenezo sanganyamule mphiri ngati sanakhwimitsidwe, ndiye kuti makolo ake anamuphunzitsa. Nkhani ya apolisi inazilala poti ndinali mwana, koma ku ofesi anauza bambo kuti pofuna mtendere pamalaini, pakutha pa mwezi tikhale titachoka.

Kutatsala masiku awiri kuti tisamuke, a Mulepa anafika pakhomo m'mawa kwambiri n'kuuza bambo kuti awabwereke mwanayo. Bambo anangondikankhira kunja. Ndinkadziwa kuti ndikukakwapulidwanso. Tinatsetsereka m'tiyi, iwo patsogolo, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Titafika pamwala paja anandiuza kuti ndivule juzi ndiime. Kunkazizira koopsa. Posakhalitsa mano anayamba kugundana, thupi lonse likunjenjemera.

Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chikundigwedezacho. Nditapukusa mutu, anati ndi thupi langa likudzikolezera moto, ndipo ngakhale nditafuna kulileketsa sindingathe. Kenaka anagwada, n'kupisa zala mumng'alu wa mwalawo, n'kutulutsa buluzi. Buluzi, amene masana sungamugwire ngakhale mutamuzungulira anthu asanu, anangotuluka ngati kamtengo. Anandiuza kuti nditambasule dzanja. Ndinakana, ndipo anandiyang'ana mpaka ndinatambasula. Anali wozizira ngati supuni, maso otseka, miyendo ili lobodo.

"Wafa ameneyu?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa.

"Lachitatu lija ukanayankha choncho. Fumbata."

Ndinamufumbata ndi manja onse awiri. Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka ndinamva kanthu kakugunda pang'onopang'ono pachikhatho panga. Mwendo umodzi unakankha. Mutu unayamba kufunafuna potulukira, ndipo nditangomasula zala pang'ono, buluzi uja anadumpha n'kulowa mumng'alu mwake. Kutentha kwa manja anga okha n'kumene kunamudzutsa.

A Mulepa sanandikwapule, komanso sanandikhululukire. Anakhala pamwalapo n'kunena kuti mphiri ija anaidziwa zaka zambiri. Inkadya makoswe a m'mphepete mwa munda, ndipo otchola ankadutsa pafupi nayo tsiku ndi tsiku osaiona, chifukwa mphiri siithamanga, thupi lake ndi lolemera, ndiye chitetezo chake ndi khungu lofanana ndi masamba ndi kukhala chete. Imaluma pokhapokha chinthu chikaigwira kapena kuiponda. Inadzuka ili ndi bala pamutu, pamalo osawadziwa, popanda pobisala, kenaka dzanja linaigwira.

"Sinalumepo munthu pano," anatero. "Ndinaipha ine chifukwa cha iwe. Vala juzi yako uzipita. Ndisadzakuonenso m'nkhalango muno."

Edina anatuluka m'chipatala tsiku limene tinkapakira katundu. Chala cha mkombaphala ndi chapakati anali atazidula, ndipo mkono unali wokulungidwa mpaka m'chigongono. Anali ataonda, maso okhaokha. Mayi anandigwira n'kupita nane pakhomo pawo kuti ndikapepese. Tinagwada pakhonde lomwe lija n'kuodira. Chitseko chinatsekedwa tikuona. Tinakhala chogwada mpaka lole imene inatinyamula inaliza hutala, ndipo tinapita kwawo kwa mayi ku Khwethemule, kumene bambo anakayamba ulimi wa chimanga pa kamunda kobwereka. Sanagwirenso ntchito ya tiyi mpaka imfa yawo, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulenso.

Ine ndinapitiriza sukulu, ndipo lero ndine mphunzitsi wa pulayimale. Zimene a Mulepa ananena m'shedi muja ndinadzazipeza m'mabuku, zili ndi mayina aatali, koma sindinapezemo chimene iwo analakwitsa. Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa nyama zokhala ndi fupa la msana, ndimawauza ana a m'kalasi mwanga chifukwa chake mbalame imadya tsiku lonse pamene njoka imatha miyezi ili ndi njala, chifukwa chake achule amasowa m'chilimwe, ndi chifukwa chake abuluzi amadzadza pakhoma dzuwa likangotuluka. Ndimawauzanso kuti asadzagwire njoka imene akuganiza kuti yafa. Amandifunsa ngati ndinaonapo yotero, ndipo ndimati inde, koma sindifotokoza zonse.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku Thekerani kumaliro a mnzathu wa kuntchito. Pobwerera ndinalowa mumsika kuti ndigule nthochi. Mayi amene ankagulitsayo ankapatula nthochizo ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'chitenje, koma pomanga jumbo linatuluka. Ndinayang'ana nkhope yake. Anali atakula, ali ndi mwana kumsana, koma anali Edina. Ndikanatha kungonyamula nthochi zanga n'kumapita. Ndinatchula dzina lake, n'kumuuza kuti ndine Felista wa ku malaini, ndipo ndinayamba kupepesa.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Anati anandizindikira ndisanafike n'komwe pa benchi yake. Anandiuza, mosakweza mawu, kuti sukulu anasiyira chaka chomwe chija chifukwa kulemba kunamukanika ndipo anzake ankamuseka, ndiponso kuti ku esiteti sakanamulemba ntchito yotchola ndi zala zitatu. Sanandiyankhule ngati mnzake wakale, anandipatsa ulemu wa mlendo.

"Njoka ija ndinaikhululukira kalekale," anatero. "Siinkadziwa kuti ndine ndani. Inu mumadziwa."

Atatero anatembenukira kwa munthu wina amene ankafunsa mtengo wa mapeyala.

M'minibasi pobwerera ndinkafuna kudziuza kuti sindinalinge iye, ndinalinga amake, ndiponso kuti ndinkangofuna kuopseza. Zonsezo n'zoona, koma sizibweza chala ngakhale chimodzi. Pa nkhani yonse ija, cholengedwa chokha chimene chinachita zinthu mopanda chidani chinali mphiri. Inagona chifukwa thupi lake linazizira, inadzuka chifukwa linatenthedwa, inaluma chifukwa inagwidwa, ndipo sikanatha kuchita mwina. Enafe tonse, akulu ndi ana omwe, tikanatha kuchita mwina. Ndinali mwana, inde, ndipo za matupi a njoka sindinkazidziwa. Koma pamene ndinkakwera mtunda uja thumba likundilemera paphewa, ndinkadziwa bwino lomwe khomo limene ndinkapita, ndipo zimenezo palibe mphunzitsi amene akanafunika kundiphunzitsa.